Kuyeza Mvula ndi Kulemba za Chilala: Ntchito ya Anthu Ongodzipereka ku Bangula ndi Madera Ozungulira

Pamene nyengo ya dzinja ikuyandikira, mafumu, alimi, asodzi, aphunzitsi ndi onse okhala ku Bangula, m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje m'boma la Nsanje, akupemphedwa kuti amvetse ndi kulemekeza ntchito ya anthu ongodzipereka amene amayeza mvula m'mawa uliwonse ndi kulemba zimene mvulayo, kapena kusowa kwake, ikuchita ku nthaka, mitsinje, mitengo, nsomba ndi ziweto. Ntchitoyi ilibe malipiro ndiponso siyionekera kwa anthu ambiri, koma zambiri zimene Boma limalengeza zokhudza chilala ndi kusefukira kwa madzi zimatsamira pa manambala ndi mawu olembedwa ndi anthu oterewa.

Madzi a mitundu iwiri

Dera la Bangula limadalira madzi ochokera ku magwero awiri osiyana, ndipo amene sanamvetse zimenezi sangamvetse chilala cha kuno. Gwero loyamba ndi mvula yogwa pamalo pomwepo. Chigwa cha Shire chimalandira mvula yochepa poyerekeza ndi madera ambiri a dziko lino, kawirikawiri pakati pa mamilimita 600 ndi 800 pa chaka, ndipo yambiri imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, kotero kuti chinyezi sichikhalitsa m'nthaka. Mapira, mchewere, thonje ndi chimanga za m'minda ya kumphala zimadalira mvula imeneyi basi.

Gwero lachiwiri ndi madzi obwera kuchokera kutali. Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malawi n'kudzera pa mlatho wotchinga madzi wa Kamuzu ku Liwonde, umene unamangidwa mu 1965, pamene mtsinje wa Ruo umatsika kuchokera ku phiri la Mulanje n'kudzathira mu Shire cha ku Chiromo. Madzi amenewa ndiwo amadzaza dambo lalikulu la Elephant Marsh ndi kunyowetsa madimba. Motero zimatheka kuti ku Bangula dzuwa likuswa mtengo, mbewu za kumphala zikufota, koma madzi a m'dambo akukwera chifukwa cha mvula imene yagwa ku Mulanje, ku Thyolo kapena kumpoto kwa dziko. Izi zinaoneka bwino mu 2024. Pa 23 Malichi chaka chimenecho, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala chodza ndi El Niño, koma m'miyezi yomweyo nyanja ya Malawi inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake.

Mbiri ya dambolo ikusonyezanso kuti chilengedwe cha kuno sichinakhalepo chimodzimodzi kwa nthawi yaitali. Pamene David Livingstone ankadutsa mu 1859 analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800, ndipo dzina la Chingerezi la dambolo linachokera pamenepo. Lero mulibe njovu ngakhale imodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inaphwa kwambiri moti madzi analeka kutuluka kulowa mu Shire, ndipo anthu analima malo ambiri amene tsopano ndi madzi ndi bango. Madzi atabwerera, minda imeneyo inamira. Mu 1997 madzi anakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene anthu amawatchula kuti Mtayamoyo, ndipo mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unaphulika n'kudzitsegulira njira yatsopano m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo. Mu 2017 dambolo, la mahekitala 61,556, linalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo linakhala lachiwiri m'Malawi muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Malo osinthasintha chotere amafuna maso ambiri owayang'anira chaka ndi chaka.

Kayezedwe ka mvula

Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre, ili ndi malo ochepa chabe okhala ndi ogwira ntchito olembedwa, monga a ku Ngabu. Zoyezera mvula zina zambiri m'dziko muno zimayang'aniridwa ndi alangizi a zaulimi, masukulu, mishoni, minda ikuluikulu ndi anthu wamba odzipereka. Izi zili choncho chifukwa mvula ya mabingu imene imagwa m'chigwa muno imasankha malo: ikhoza kukhuthuka ku Sorgin, ku Bangula n'kungowaza, tsidya la ku Makhanga osagwa n'dontho lomwe. Choyezera chimodzi sichingayimire boma lonse.

Choyezera mvula chovomerezeka ndi chitini chokhala ndi kamwa lozungulira la mamilimita 127, chimene chimaikidwa molunjika bwino, kamwa lake lili masentimita 30 kuchokera pansi. Chiyenera kukhala pabwalo, kutali ndi nyumba kapena mtengo, pa mtunda wosachepera kawiri kutalika kwa nyumbayo kapena mtengowo, kuti denga kapena nthambi zisatchinge mvula kapena kudontheza madzi owonjezera. Ndi bwino kuchitchingira ndi mpanda waufupi poteteza ku mbuzi ndi ana. Woyeza amapita pa choyezeracho 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, kuphatikizapo Lamulungu ndi masiku a tchuthi, n'kuthira madziwo m'galasi loyezera, kuliimika pamalo osapendekeka, kuwerenga diso lili pa msinkhu wa madziwo, kulemba, kenaka n'kutaya madziwo. Kuchedwa kuyeza kumawononga nambala, makamaka kuno kotentha kumene madzi amauma msanga.

Ambiri amamva pa wailesi kuti kwagwa mvula ya mamilimita 25 koma osadziwa kuchuluka kwake. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Choncho mamilimita 25 pa hekitala imodzi ndi malita 250,000, kapena migolo 1,250 ya malita 200. Poyerekeza, nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, choyezera cha ku Nkhulambe m'boma la Phalombe chinalemba mamilimita oposa 1,000 m'masiku anayi okha, mvula yoposa imene Bangula amalandira chaka chathunthu.

Pali lamulo limodzi limene oyeza atsopano amalinyozera, chonsecho pa nkhani ya chilala ndilo lofunika koposa onse. Tsiku limene mvula sinagwe, woyeza alembe 0. Asasiye malo opanda kanthu. Malo opanda kanthu amatanthauza kuti woyeza sanapite pa choyezera, mwina anadwala kapena anali ku maliro, ndipo wowerenga bukulo ku ofesi sangadziwe ngati kunali ng'amba kapena ayi. Chilala chimadziwika ndi mzere wautali wa maziro otsatizana. Chaka china chikhoza kukhala ndi mvula yokwanira mukaiwonkhetsa yonse, komabe mbewu n'kupserera chifukwa munali ng'amba ya milungu itatu mu Januwale kapena Febuluwale, pamene chimanga chimamasula ngayaye. Chiwonkhetso cha chaka chimabisa ng'amba yotereyi. Buku la tsiku ndi tsiku limaiulula.

Zimene nambala singanene

Choyezera chimanena kuchuluka kwa madzi amene agwa, koma sichinena zimene achita atafika pansi. Mamilimita 40 ogwa pang'onopang'ono usiku wonse amalowa m'nthaka. Omwewo akagwa m'theka la ola pa mapiri odulidwa mitengo amathamangira mu Thangadzi kapena mu Lalanje, atanyamula mchenga wokakwirira minda ya kumunsi. N'chifukwa chake mbali yachiwiri ya ntchitoyi ndi kulemba m'mawu, kamodzi pa sabata, mmene malo akuonekera.

Apa m'pamene nzeru za anthu a m'chigwa muno zimaposa makina. Msodzi amadziwa kuti milamba imalowa m'maudzu omira madzi kukaswana madzi akangoyamba kukwera, ndi kuti chaka chimene dambo silinasefukire mokwanira, makakana ndi milamba zimachepa m'miyezi yotsatira. Amadziwa maiwe amene amayamba kuphwa, ndi nthawi imene dowe, nsomba yotha kupuma mpweya, amadzikwirira m'matope kudikira madzi ena. Amaona namasupuni akatseka njira za mabwato. Woweta ng'ombe amadziwa mwezi umene msipu wa kumtunda unatha n'kuyamba kulowetsa ziweto m'dambo, kumene zimapondaponda magombe ndi kulimbirana udzu ndi mvuu. Ndipo mvuu zikasowa msipu zimalowa m'madimba usiku. Amayi amadziwa kuya kwa chitsime chimene akufukula mumchenga wa mtsinje wouma, amadziwa mjigo umene madzi ake ayamba kuwawa mchere, ndi munda umene wayamba kutuwa pamwamba chifukwa cha mchere wokwera kuchokera pansi. Okhala m'malire mwa nkhalango ya Mwabvi amaona nthawi imene mitengo ya tsanya yayoyola masamba ndi pamene nyama zayamba kutuluka kufunafuna madzi kumidzi.

Chizindikiro china chimene aliyense wa ku Nsanje amachidziwa ndi nyika. Anthu akayamba kulowa m'madzi mwaunyinji kukazula nyika, ndipo ikayamba kuoneka pamsika miyezi ya njala isanafike, ndiye kuti nkhokwe zatha msanga. Nthawi yomweyo ngozi za ng'ona zimachuluka, pakuti anthu ndi ng'ona amakumana m'maiwe ochepa otsalawo. Matumba a makala nawonso amachuluka m'mbali mwa msewu wa M1 chaka cha njala, ndipo mitengo imene yagwa chaka chimenecho ndiyo imachititsa kuti madzi a chaka chotsatira atsike mwaukali. Chilala ndi chigumula za kuno zimaberekana motero, ndipo wolemba wosamala amatha kuona chimodzi chikukonzera njira chinzake.

Lipoti labwino limatchula tsiku, malo ndi chinthu chooneka, ndipo limayerekeza ndi mmene zimakhalira nthawi ngati yomweyo zaka zina. Kulemba kuti "kunja kwauma kwambiri" sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mu Okutobala kumauma chaka chilichonse. Kulemba kuti chitsime cha mumtsinje chimene nthawi ngati ino chimalekeza m'mawondo chafika m'chiuno, kapena kuti thamanda limene limasunga madzi mpaka Sepitembala laphwa mu Julayi, ndiko kumapatsa katswiri chogwira. Amene ali ndi foni yojambula ajambule malo amodzimodzi, ataima pamalo amodzimodzi, mwezi uliwonse. Ndipo malipoti asamalembedwe pa nthawi ya mavuto yokha. Sabata imene zonse zili bwino ilembedwenso, chifukwa popanda kudziwa chaka chabwino palibe poyezera chaka choipa.

Zizindikiro za makolo nazo zili ndi malo m'bukuli. Anthu a chigwa chino akhala akuyang'ana kumwamba kuyambira kalekale, monga umboni wa kachisi wa Mbona ku Khulubvi ukusonyezera, ndipo akuluakulu amatchula kaphukidwe ka mitengo, kabalidwe ka zipatso zakutchire, kayendedwe ka nyerere ndi mbali imene mphepo ikuchokera. Si nzeru kuzinyoza, komanso si nzeru kuzikhulupirira zonse osaziyesa. Zikalembedwa ndi tsiku lake pambali pa manambala a mvula, pakatha zaka zingapo mudzi umadzionera wokha zizindikiro zimene zikugwirabe ntchito ndi zimene zasokonekera chifukwa cha kusintha kwa nyengo.

Phunziro la 2016

Ena amafunsa kuti, popeza masiku ano kuli masetilaiti ndi makina odziyezera okha, buku la munthu wa kumudzi lili ndi ntchito yanji? Setilaiti siyeza madzi ofika pansi. Imayerekeza mvula poona mitambo kuchokera kumwamba, ndipo kuyerekezako kumakonzedwa pogwiritsa ntchito manambala a zoyezera za pansi. Makina odziyezera okha ndi othandiza kwambiri, koma amafuna mabatire, masola ndi netiweki, zimene zimawonongeka kapena kubedwa.

Dziko lino linaphunzira zimenezi mowawa. Pokonzekera dzinja la 2015/16, Boma linagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity. Chilala chinabweradi, ndipo mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kafukufuku wa komiti ya MVAC anapeza kuti anthu pafupifupi 6.5 miliyoni adzafunika thandizo la chakudya. Komabe pulogalamu ya pa kompyuta ya inshuwalansiyo, imene inkagwiritsa ntchito manambala a setilaiti, inasonyeza poyamba kuti okhudzidwa ndi ochepa, ndipo ndalama sizinatuluke. Akatswiri atapita kumidzi kukafunsa alimi, anapeza kuti pulogalamuyo inkawerengera chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri anadzala chocha msanga, chimene ng'amba inachipeza pa nthawi yovuta kwambiri. Atakonza zimenezo, ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni a ku America zinaperekedwa mu Januwale 2017, patapita miyezi yambiri chilengezereni ngoziyo. Chimene chinasowa sichinali makina. Chinasowa ndi uthenga wosavuta wochokera kumunda wonena mbewu imene yadzalidwa, tsiku lodzala ndi tsiku limene inayamba kufota.

Maiko olemera nawonso amadalira anthu odzipereka. Ku Britain, George James Symons anayamba kusonkhanitsa manambala a oyeza mvula odzipereka cha m'ma 1860. Ku United States, madzi atasefukira mumzinda wa Fort Collins ku Colorado mu Julayi 1997, zinadziwika kuti mbali imodzi ya mzindawo inalandira mamilimita oposa 350 pamene makilomita ochepa chabe kuchokera pamenepo inagwa yochepa kwambiri. Chaka chotsatira kunayambika gulu la CoCoRaHS, limene lero lili ndi anthu zikwizikwi oyeza mvula pakhomo pawo ndi kulemba mmene chilala chikukhudzira zomera, madzi ndi nyama.

Kumene malipoti amapita

Manambala a mvula ochokera m'madera a zaulimi a m'boma la Nsanje, omwe ndi Makhanga, Magoti, Mpatsa, Zunde ndi Nyachilenda, amadzera kwa alangizi n'kufika ku nthambi ya zanyengo, imene m'nyengo ya dzinja imatulutsa chikalata cha nyengo ndi ulimi masiku 10 aliwonse. Kuyambira 2016 nthambiyi yakhalanso ikugwiritsa ntchito gulu la pa WhatsApp la Weather Chasers, pamene anthu amalandira machenjezo ndi kutumiza zimene akuona kwawo. Nkhani za ngozi zimadzera m'makomiti a m'midzi ndi a m'madera oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kupita kwa Bwanamkubwa wa boma, mpaka ku nthambi ya DoDMA. M'mitsinje ina muli mizati yoyezera kukwera kwa madzi, ndipo owerenga a kumtunda amaimbira foni anzawo a kumunsi. Maola ochepa amene uthengawo umatsogola madzi ndiwo amapatsa banja mpata wosamutsa ana, okalamba ndi mbuzi.

Foni yokha siyokwanira. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, madera ambiri anakhala mumdima ndipo mafoni anazima pa nthawi imene ankafunika koposa. Choncho buku ndi pensulo zisungidwe m'pepala la pulasitiki pamalo okwera, ndipo mudzi ugwirizane pasadakhale za wenzulo, ng'oma kapena chimkuzamawu.

M'zaka zikubwerazi malipoti ochokera ku Bangula adzafunika koposa kale, pakuti ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, inakonzedwa kuti idzathirire mahekitala oposa 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje mpaka kufika dera lino. Kuti mtsogolo tidzadziwe ngati kupatutsa madzi kwasintha dambo, nsomba kapena mchere wa m'nthaka, pafunika zolembedwa za mmene zinthu zilili madziwo asanafike.

Zovuta zimene sitiyenera kubisa

Ntchito yopanda malipiro imatopetsa, ndipo oyeza ambiri amayamba ndi changu mu Novembala n'kufooka pofika Febuluwale. Njira yothandiza ndiyo kukhala awiri kapena atatu pa choyezera chimodzi, ndipo sukulu zimachita bwino pa ichi malinga pakhale wina woyeza nthawi ya tchuthi. Amene walephera kuyeza masiku angapo alembe chiwonkhetso chimene wapeza ndi kutchula masiku amene chikuyimira. Asagawe nambalayo mongoganizira.

Vuto lalikulu ndi chiyeso chokokomeza. M'dera limene thandizo la chakudya limabwera kawirikawiri, woyeza akhoza kukakamizidwa ndi anansi, kapena ndi mtima wake wachifundo, kuti achepetse mvula kapena achulukitse minda yowonongeka. Manambala a malo oyandikana amayerekezedwa, ndipo choyezera chimene chapezeka chikunama chimaleka kukhulupiriridwa ngakhale chaka chimene chikunena zoona. Mafumu akupemphedwa kuteteza oyeza ku chikakamizo chotere. Nawo maofesi olandira malipoti ali ndi ngongole kwa oyezawa: kuwabwezera uthenga wa zimene manambala awo asonyeza, ndi kuwasinthira msanga galasi loyezera likasweka. Munthu amene amatumiza manambala chaka chonse osamva kanthu sachedwa kuleka.

Aliyense wofuna kutenga nawo mbali akaonane ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake kapena komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, amene angamuuze choyezera chimene chili pafupi ndi kumulumikiza ndi a zanyengo. Kulemba za mmene chilengedwe chikuonekera sikufuna chipangizo chilichonse koposa kope ndi pensulo, ndipo ndi bwino kuyamba pa 1 Okutobala, tsiku limene kuwerengera mvula ya dzinja kumayambira. Pomaliza, masukulu, mipingo, maofesi ndi mabanja amene akusunga mabuku akale a mvula, ngakhale ong'ambika kapena odyedwa ndi chiswe, akupemphedwa kuti asawataye kapena kuyatsira moto, koma awaonetse kwa alangizi kuti akopedwe, ndipo eni ake asunge mabuku enieniwo.